Laputopu Imene Inakakamira ku Tete

Nkhani iyi anandiuza ndi a Nangozo, mayi wa ku Lizulu amene ndinakhala naye chitando chimodzi chaka chimene ndinkadwazika mchemwali wanga m'chipatala. Iwo ankadwazika apongozi awo. Kuchitando anthu sachedwa kudziwana chifukwa moto mumapalana. Tsiku lina chakumadzulo, ndikuwiritsa madzi a tiyi pa mafuwa awo, anandifunsa kwathu. Nditayankha kuti ku Phalombe, anasiya kusenda mbatata ya kachewere, nandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anakokera pafupi njerwa imene anakhalira. Ndalemba monga anandiuzira. Pamene iwo anakayikira inenso ndasiya pokayikitsa, ndipo sindinawonjezepo zanga.

Amuna awo, a Yotamu Dafuleni, ankagwira ntchito yothira mafuta m'galimoto ku Joni. Anadwala masiku owerengeka, n'kutisiya. Mng'ono wawo Gidiyoni, amenenso anali komweko, ndiye anaperekeza thupi. Bokosi linali m'ngolo yokokedwa ndi minibasi, ndipo anadzera ku Zimbabwe ndi ku Mozambiki mpaka kudzafika kumudzi. Maliro anaikidwa chisanu chitangoyamba.

Atameta, zovala za malemu zinagawidwa kwa abale. A Nangozo anatsala ndi nsapato zofiirira, chipewa, ndi kapu yachitsulo imene amuna awo ankamwera tiyi kuntchito. M'katundu wa malemuyo munalinso laputopu. Malemu anaigulira mwana wawo yekhayo, Talandira, amene anali atakhoza Fomu 4 ndipo ankafuna kukaphunzira unamwino. Ankati adzabwera nayo okha pa Khirisimasi.

Pasiwedi Talandira ankaidziwa, chifukwa bambo ake anamuuza pafoni kuti ndi dzina lake lomwelo. Inatseguka bwinobwino. Koma zolemba zonse zinali m'chiyankhulo chimene mwanayo sanachidziwe. Gidiyoni analumbira kuti ku Joni inali ya Chingerezi, poti iye mwini ankaonerapo mpira. Anaitana a Zefa, mayi woyandikana nawo amene anachokera ku Angonia, ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo n'kukwatiwa konkuno. A Zefa anavala magalasi, nati ndi Chipwitikizi. Analozanso pakona pamene pamaoneka za nyengo. Panali kadzuwa, ndipo pambali pake panalembedwa kuti Tete.

Talandira anapita kumasetingi, nawapeza malo osinthira chiyankhulo ndi dziko. Mabatani ake anali otuwa ngati phulusa. Akadina, sipankachitika kanthu, kupatula timawu tina timene tinkatuluka pansi.

“Akuti izi angasinthe ndi mwini wake yekha,” anatero a Zefa.

“Mwini wake si ndine?” anaseka Talandira.

“Usauze ine, mwanawe. Uza makinawo.”

A Nangozo akuti poyamba anangoona ngati vuto la makina, ndipo chimene chinkawasowetsa mtendere ndi chakuti nthawi yofunsira malo kusukulu ya unamwino inkapita. Koma panali tina ndi tina. Laputopuyo inkatentha ngakhale atangoiyatsa kumene. Mpweya wotuluka m'mbali mwake unkanunkha matope a mumtsinje. Ukatchera khutu, unkamva ngati madzi ambiri akudutsa pansi pa chinthu, ndi kugunda kwa malole oponda pa zitsulo. Talandira anayesa kutseka mawuwo. Batani lakenso linali lotuwa.

Anainyamula kupita nayo ku boma kwa a Chikuse, bambo wodziwika pokonza makompyuta, wanthabwala kwambiri. Atangoona Chipwitikizicho anaseka.

“Mayi, makina anuwa anakwatiwa ku Tete. Lobola munalandira?”

Anawauza kuti akagule zogula zawo, pobwera apeza zatheka. Pobwera anawapeza atavula jekete. Anafotokoza kuti analowa ngati mwini makinawo, koma makinawo ankawauzabe kuti akapemphe kwa mwini. Anati aisiye, aifomate, ayambirenso pachiyambi ngati yatsopano. Atapitanso tsiku lina, anapeza a Chikuse asakusekanso. Anali ataifomata, ataikamo disiki ina, atachotsamo ngakhale kachipangizo kokokera netiweki. Anati makina opanda netiweki sangadziwe kumene ali, ngati munthu womangidwa m'maso. Anaiyatsa a Nangozo akuona. Chipwitikizi chija chinatuluka, kadzuwa kaja, ndi Tete.

A Chikuse anaikulunga okha m'chitenje cha a Nangozo, naitulutsa okha pakhonde.

“Ine ndimakonza zowonongeka, mayi,” anatero. “Ichi sichinawonongeke.”

Kunyumba zinthu zinayamba kusowa. Zinayamba ndi nsapato zija, zimene zinkakhala pansi pa bedi. A Nangozo anasesa paliponse, mpaka anaganizira Gidiyoni, Mulungu awakhululukire, koma phazi la Gidiyoni ndi lalikulu. Kenako inasowa kapu. Kenako chipewa, chimene chinkakolekedwa pa msomali kuseri kwa chitseko. Pamene panali chinthu chosowacho pankatsala timchenga toyera, tosalala, tosakhala ta ku Lizulu. Akatigwira, tinkakhala totentha.

Amene anafikako ku Lizulu mu Juni amadziwa chisanu chake. Anthu amagulitsa kabichi atafunda mabulangete. Mwezi umenewo Talandira anasiya kuvala juzi. Ankagona osafunda, n'kumadzuka malaya ali chinyowere ndi thukuta. Madzi ankamwa ngati ng'ombe, ndowa kutha, milomo ili gwa. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanawapeze. Anamuyeza shuga, sanamupeze. Amayi a Mvano anabwera kudzapemphera, ndipo a Nangozo akuti mapempherowo anawalimbitsa mtima, koma mwana ankangoondabe.

Iye sankadandaula. Ankangokhala patsogolo pa laputopuyo, ngakhale sankatha kuwerenga chilichonse. Amayi ake akaizimitsa n'kuibisa m'sutikesi, phokoso la madzi lija linkamvekabe chapansipansi, ndipo zovala za m'sutikesimo zinkafunda. Chisisira chikamagwa, mwanayo ankatuluka osatsanzika n'kukaima m'mbali mwa msewu waukulu, akuyang'ana malole opita kuchipata cha Mozambiki. A Nangozo ankakamutenga pomugwira mkono. Tsiku lina akubwerera anawafunsa, mosakweza mawu, ngati iwo sakumva kuti kunja kwatentha. Apo n'kuti a Nangozo mano akugundana.

M'mawa wina juzi yake ya kusukulu, yobiriwira, inasowa pa chingwe cha m'chipinda. Pansi pake panali timchenga tija.

A Nangozo anapitabe kumsika tsiku limenelo, poti pakhomo pankafunika mchere ndi sopo. Amagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu. Masana kunaima thanki ya mafuta yochokera ku Beira, ndipo dalaivala wake, bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, anatsika kudzagula ndowa imodzi. Akumuthirira m'thumba, iye anayang'ana uku ndi uku, nati nthawi zonse akamadutsa pa Lizulu amakumbukira bambo wina wa ku Tete.

Anati tsidya lija la mlatho wa Zambezi, pamene malole amaima pamzere, pamakhala bambo wovala suti yakuda. Dzuwa la ku Tete limasungunula phula, koma iyeyo satuluka thukuta. Amayenda kuchoka pa lole ina kupita pa ina, n'kumafunsa m'Chichewa cha ku Ntcheu kuti kodi pano tafika pati. Sapempha chakudya. Dalaivalayo anati tsiku lina anamumvera chisoni, namufunsa kwawo, ndipo atamva kuti ndi ku Lizulu anamuuza kuti akwere. Bamboyo anathokoza mwaulemu, koma anati sangakwere chifukwa sanauzidwe kuti awoloke.

“Mwina mutu suli bwino,” anatero dalaivalayo. “Koma alipo amene amamusamala. Poyamba ankayenda ndi masokosi okhaokha. Kenako ndinamuona ali ndi nsapato, kenako chipewa, kakapu m'manja.”

A Nangozo anafunsa nkhope yake. Dalaivalayo anakanda ndevu, nati n'zodabwitsa, amamuyang'ana ndithu akamayankhula naye, koma akangochoka nkhopeyo sakuikumbukiranso.

“Ulendo uno ndiye wandiseketsa. Kutentha konse kuja, iye wanyamula juzi ya mwana wa sukulu, yobiriwira, ataipinda bwinobwino pamkono. Ndinamufunsa kuti mwini juziyo ali kuti. Akuti akubwera.”

A Nangozo sakumbukira ngati anamaliza kuthira kachewereyo. Anangozindikira ali kudimba kwa Gidiyoni, mpango uli m'manja.

Kwawoko, munthu akamwalirira kutali, womuperekeza amayenera kumuuza njira. Ponyamuka amamuuza kuti tikunyamuka. Pachipata cha dziko amamuuza. Makamaka pamtsinje, amamutchula dzina n'kumuuza kuti uwu ndi mtsinje wakuti, tiyeni tiwoloke. Akuluakulu anali atamukumbutsa Gidiyoni zimenezi pafoni asananyamuke ku Joni.

“Alamu,” anatero a Nangozo, “akulu anu munkawauza njira?”

Gidiyoni anati ankawauza. Pa Limpopo anawauza, pa zipata zonse anawauza, mpaka anzake m'minibasimo ankamuseka.

“Nanga pa Zambezi?”

Gidiyoni anaika khasu lake pansi. Kenako anati anali asanagone chinyamukire, ndipo kutentha kwa ku Tete kunamufoola. Anatsinzina ali pamzere wa galimoto, podzidzimuka n'kuti atadutsa kale Moatize. Anafunsa dalaivala ngati angabwerere, dalaivala anamufunsa ngati wapenga. Ndiye anangonong'oneza chakumbuyo kuti achimwene, Zambezi tawoloka kale, n'kumaganiza kuti zakwanira.

A Nangozo sanamukalipire. Akuti analibe nthawi yake. Zimene zinali m'mutu mwawo ndi zakuti munthu uja walephera kubwera kwawo, ndiye kwawo kukupita kwa iye, chimodzichimodzi, ndipo chotsatira pa juzi ndi mwini juzi.

Iwo ndi mayi wa Mvano, ndipo anavutika mumtima ngati ulendo wotere ndi woyenera Mkhristu. Anagwada napemphera kuti ngati akulakwa, Ambuye awabweze panjira. Palibe chinawabweza. Talandira anamusiya m'manja mwa a Zefa, amene analonjeza kuti sam'chotsa diso ngakhale popita kubafa. Anatenga bodapasi, naika laputopu m'chikwama, nanyamuka ndi Gidiyoni mbandakucha.

Chikwamacho chinkawaotcha pamiyendo njira yonse. Anafika ku Tete dzuwa lili paliwombo, nawoloka pa minibasi kupita tsidya lija, natsika pamene malole amaima. Panali ogulitsa madzi ozizira, ogulitsa nsomba, madalaivala atagona pansi pa malole awo. Wa suti yakuda sanamuone. Koma fungo la pamalopo linali lomwe lija la m'nyumba mwawo, ndipo phokoso la madzi ndi zitsulo linali lomwelo, moti sankadziwanso ngati likuchokera m'chikwama kapena mumtsinje.

Anaima pamene mlatho umayambira. Woyenera kuyankhula anali Gidiyoni, mbale wake wa malemu. Anavula kapusi, natsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Anayesanso. Zinakanikabe, maso ali pa chinachake kumbuyo kwa a Nangozo.

“Alamu, yankhulani ndinu,” ananong'ona. “Koma musacheuke.”

Apa a Nangozo anandiyang'ana, nandifunsa ngati ine ndinayamba ndawatchulapo amuna anga dzina lawo. Iwo chikwatiwire anali asanatero. Ankawaitana kuti bambo a Talandira. Koma pamalo paja, pamene juzi inali itafika kale, dzina la mwana wawo sakanalitulutsa pakamwa ngakhale atawaopseza ndi mpeni. Ndiye anagwada pa phula lotenthalo, nawomba m'manja mwaulemu, nati:

“Abambo, inu amene mwakhala mukudikira pano, ndabwera kudzakutengani. Uyu ndi Zambezi. Tiyeni tiwoloke, tizipita kumudzi.”

Phokoso la m'chikwama linasiya.

Anawoloka wapansi. Mlathowo ndi wautali, ndipo a Nangozo akuti chikwama chinkalemera pang'onopang'ono mpaka lamba anawadula paphewa. Kumbuyo kwawo kunkamveka mapazi. Anayesa kudziuza kuti ndi anthu a ku Tete akupita kumsika. Koma anthu opita kumsika amacheza, amatsokomola, amakupitirira. Awa ankangotsatira. A Nangozo akachepetsa liwiro, nawonso ankachepetsa. Ndipo mapazi ambiri mwa iwo sankagogoda ngati a nsapato, ankangokhwekhwereza.

Tsidya lino anakwera minibasi yopita kuchipata. Inanyamuka mipando yakumbuyo ilibe anthu, chifukwa aliyense wokwera akafika pamenepo ankabwerera n'kudzapanikizana kutsogolo, osanena chifukwa. Pachitunda choyamba galimoto inalira ngati yasenza matumba a simenti. Kondakitala anatsika, nayang'ana matayala, nayang'ana padenga pamene panalibe katundu, nakweranso. A Nangozo sanatsinzine. Pa Revubwe ananena kuti uyu ndi Revubwe, tiyeni tiwoloke. Timitsinje tina sankatidziwa mayina, ndiye ankafunsa mayi amene anakhala naye pafupi, n'kumabwereza. Pachipata ananena kuti kuno ndi ku Malawi tsopano. Chikwama chinali chitazizira.

Anafika pakhomo tsiku lotsatira chakum'mawa. Anapeza Talandira atakhala padzuwa, atafunda mabulangete awiri, akunjenjemera, akudandaula kuti a Zefa akuchedwa ndi phala. A Zefa anati dzulo lake masana mwanayo anadzuka pamphasa n'kufunsa kuti chitseko wasiya chotsegula ndani, kukuzizira chonchi. A Nangozo analowa m'nyumba. Nsapato zinali pansi pa bedi, zafumbi, zidendene zitadyeka. Kapu inali pa tebulo, chipewa pa msomali wake. Juzi inali pa bedi la Talandira, yopindidwa bwino, ikadali yofunda.

Anapita kumanda ndi Gidiyoni, nawauza amuna awo kuti afika, apumule. Kenako anagwada m'nyumba nathokoza Mulungu.

Talandira atapezako mphamvu anayatsa laputopu ija. Zonse zinali m'Chingerezi. Pakona panalembedwa Lizulu, ndi kamtambo. Mabatani otuwa aja anali atadera, ndipo ankadinika. Malo a sukulu anafunsira pa makina omwewo, ndipo anamutenga. Lero ndi namwino.

Koma poyatsa, pamalo polembera pasiwedi, panali chinthu chimene kale panalibe. Pambali pa chithunzi cha bambo ake chimene chinalipo kale panali timikombero tina, tambiri ndithu, topanda nkhope, topanda mayina. Ukadina kamodzi, sikatseguka, kamangoonetsa dzina la dera. Kena Mzimba. Kena Mangochi. Kena Nkhotakota. Talandira anayesa kutifufuta, koma batani lofufutira linali lotuwa, ndipo mawu ake, tsopano m'Chingerezi, anali omwe aja onena za mwini wake. A Chikuse atauzidwa anati apite nayo kwa wina, iwo ali ndi ana aang'ono.

Popita kusukulu Talandira laputopuyo anaisiya.

A Nangozo akuti poti pa mlatho paja sanatchule dzina, onse amene ankadikira anabwera nawo, koma alendowo savuta. Sanatengepo kanthu, sanadwalitsepo munthu. Kungoti chisisira chikagwa, pakhonde pamamveka ngati pakhala anthu odikira basi, wina kusuntha mwendo, wina kupuma mozama. Galu wa a Zefa anasiya kudutsa pamenepo. Ndowa ya madzi ikagona panja, m'mawa imapezeka itatsika. Iwo amaisiya dala yodzaza, poti anthu anachokera kotentha. Koma tulo sagona tokwanira, chifukwa amaganiza za amayi ena, kwinakwake, amene nsapato zikusowa pansi pa bedi.

Chaka chotsatira basi ina inawonongeka pa Lizulu, ndipo mayi wina wa ku Mzimba anakhala pa benchi yawo kudikira kuti ikonzedwe. Pocheza, a Nangozo anamuuza nkhaniyi monga anandiuzira ine. Mayiyo anayamba kulira. Mlongo wake anabwera m'bokosi kuchokera ku Joni, ndipo amene anamuperekeza anali anyamata osadziwa mwambo. A Nangozo anapita naye kunyumba. Mayiyo anaima pakhonde, natchula mlongo wakeyo dzina, ndi la bambo ake, ndi la mudzi wawo, namuuza kuti basi yakonzedwa, azipita. Madzulo a tsikulo a Nangozo anayatsa laputopu, ndipo kamkombero ka Mzimba kanali katachoka.

Chiyambire pamenepo amafunsa aliyense kwawo. Pamsika, m'basi, pamaliro, pamsonkhano wa Mvano. Ena amawaseka, ena amawathawa, koma ena amapita nawo kunyumba, ndipo timikombero tija takhala tikuchepa.

Atafika apa moto unali utazilala, ndipo madzi anga a tiyi anali ataphwera. Ine ndinali nditagwira Baibulo langa pachifuwa osadziwa kuti ndalitenga nthawi yanji. A Nangozo anasonkhezera chikuni, napukuta mpeni wawo pa chitenje, nandiyang'ananso monga anandiyang'anira poyamba paja.

“Atsala atatu, amayi. Awiri ndi a ku Mangochi. Winayo ndi amene amakhala kufupi ndi chitseko, ndipo masiku ano wayamba kugogoda. Paja mwati kwanu ndi ku Phalombe? Taganizani bwino. Kulibe wanu amene anabwera m'bokosi kuchokera ku Joni?”